Dzina limene ababa anatchula pakhonde

Ababa anamwalira mwezi wathawu, mvula isanayambe. Sanadwale nthawi yaitali. Chinali chifuwa ndi kutupa miyendo, ndipo anapita masana, ine ndili panja ndikuwatenthetsera madzi osamba. Pa maliro awo ndinamva amayi awiri kuseri kwa nkhokwe akufotokozera mtengwa watsopano kuti malemuwa ndi aja anapha mkazi wawo ndi mapinga. Sanalankhule mwankhanza ayi. Ankangomudziwitsa, monga mmene umamuonetsera mlendo kumene kuli mjigo. Sukulu sindinapite nayo patali, koma kulemba ndimatha, choncho ndilemba mmene ndikudziwira.

Kwathu kuno, kufupi ndi Nzama, akuluakulu ankati mayi akamavutika pobereka, mwana osatuluka, ndiye kuti mwamuna wake anayenda ndi mkazi wina iye ali ndi pakati. Amenewo ndiwo mapinga. Mankhwala ake anali kuulula. Mwamuna atchule dzina la mkazi winayo kuti njira itseguke. Ababa anatchula dzina, koma amayi anamwalirabe pamodzi ndi mwana. Dzinalo linali la Nambewe, mnzawo wa amayi, ndipo linali bodza. Zaka zawo zonse zotsala ababa anakhala akufuna njira yolibwezera mkamwa.

Iwo sanali a kuno. Anachokera ku Kasinje, kuchigwa kotentha kumene amalima mpunga, ndipo anakwera kuno kumapiri kudzakhala chikamwini. Dzina lawo la ubatizo linali Sitefano, koma aliyense ankangoti aNgozo. Kuzizira kwa kuno sanakuzolowere mpaka imfa. Anali ndi chijasi chakuda chimene ankavala ngakhale dzuwa likuswa mtengo, ndipo anzawo ankawafunsa ngati mazira akufungatirawo aswa liti. Iwo ankangoseka pang'ono n'kukokera kolala m'mwamba. Mbatatesi ankalima bwino kuposa eni nthaka, mizere yoongoka, mbewu yosankha okha imodziimodzi, koma kudya ankadya mokakamizika. Ankati chakudya chobisala pansi sachikhulupirira. Abale awo akabweretsa kathumba ka mpunga, ankakapachika kudenga ndipo ankaphika okha Lamulungu tikaweruka kutchalitchi. Sankalola munthu kuvundukula poto mpunga usanapse. Ine ndi mlongo wanga tinkadikira pakhomo pa khitchini ngati anaankhuku.

Sanali munthu wa nkhani zambiri. Akafuna kukudzudzula ankayamba wakhosomola kaye. Kukwapula mwana sankatha, ndipo amalume ankati n'chifukwa chake tinakula ndi makani.

Chimene anthu ankawadziwa nacho kwambiri n'chakuti sankatchula dzina la munthu amene palibe. Ukawafunsa kuti wabwera ndani ndili kudimba, ankati kunabwera munthu. Ukati wamwamuna kapena wamkazi, ankati abweranso, udzamuona wekha. Chaka china mbuzi zinalowa m'dimba la amalume athu aMose, mlongo wawo wa amayi, n'kudya kabichi yense. Ababa anaziona, ndipo ndi iwo anazipirikitsa. Nkhani itafika pabwalo anawaitana ngati mboni. Atawafunsa kuti mbuzizo zinali za yani, anayankha kuti zinali mbuzi ndithu, zina zoyera zina zamawanga, ndipo zinathawira kumtsinje. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, koma amalume sanaseke. Anaimirira n'kuwaloza ndi ndodo.

"Alamu, tsiku lija dzina linatuluka msanga. Lero lakakamira pati?"

Ababa anatola chipewa chawo n'kupita kudimba, ndipo sanabwerere mpaka dzuwa litapendeka. Awiriwa anakhala choncho moyo wonse. Ankabwerekana makasu, ankathandizana kufolera nyumba, koma pakapita nthawi amalume ankaponya mawu amenewo, pa mowa kapena pa ukwati, ndipo ababa sankabweza.

Ngakhale adzukulu awo anakana kuwatcha mayina. Nditabereka mwana wanga woyamba ndinapita naye kwa iwo atatuluka m'chikuta, monga mwa mwambo. Anamunyamula, anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati pakamwa pawo si pabwino, ndikapemphe amayi aang'ono. Amayi aang'ono ndiwo anamutcha Tereza. Ine zinandiwawa. Ndinkaganiza kuti ndi kuuma mtima.

Za tsiku limene amayi anamwalira sindinaone ndi maso anga. Ndinali wamng'ono, ndipo ana anatipititsa kutsidya kwa mtsinje. Za m'nyumbamo anandiuza ndi amayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi, amene analimo. Za pakhonde anandiuza ababa eni ake, atakalamba kale.

Amayi, amene anthu ankawatchula kuti Naphiri, anali atabereka ife awiri popanda vuto, choncho matenda atayamba palibe anada nkhawa. Masiku amenewo kuchipatala kunkapita ovutika okha. Anaitana azamba a m'mudzi, aNachisale, amene anabadwitsa pafupifupi aliyense wa msinkhu wanga. M'nyumbamo munali agogo aakazi, amayi aang'ono, ndi Nambewe. Nambewe ndi amayi anavinidwa limodzi, ankaimba kwaya limodzi, ndipo ankasinja pa mtondo umodzi. Iye ndiye anakhala kumbuyo kwa amayi n'kuwagwira msana.

Dzuwa linalowa, linatulukanso, mwana osabwera. ANachisale atapima ndi chala anabwerezanso kupima. Kenaka anati chimene akukhudza si liwombo. Anati akumva pofewa, akumva mphuno, ndipo kakamwa kawayamwa chala. Mwana anali atabwera ndi nkhope. Amayi aang'ono amati aNachisale sanabise kuti zoterezi anali asanazionepo. Ana obwera ndi matako ankawadziwa, obwera ndi mwendo ankawadziwa, koma wa nkhope ayi. Agogo ndiwo anamasulira. Anati mwanayo wasuzumira kunja, waona kuti pakhomo pali nkhani, ndipo sadzatuluka mpaka amve dzina.

Anawamwetsa amayi mankhwala a mizu. Anawamanga chitenje pamwamba pa mimba n'kumakoka. Anawauza akankhe, iwo anakankha mpaka maso anafiira, milomo inang'ambika, mawu anatha.

Nthawi yonseyi ababa anali pakhonde pa amalume ndi amuna ena, pakuti mwamuna saloledwa kuyandikira. Anali atadula kale mitengo iwiri n'kumanga machira ndi bulangete lawo. Anapempha kuti awanyamule amayi kupita nawo kuchipatala cha kumishoni. Amalume anakana. Anati munthu womangidwa ndi mapinga ukamunyamula asanamasulidwe amafera panjira, ndipo mlongo wawo sachoka m'nyumbamo mpaka ababa aulule. Ababa analumbira kuti chibwerereni kuno sanadziwepo mkazi wina. Amalume anati amuna onse amayamba choncho.

Ndiye agogo anatuluka. Kwathu kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso. Akakumana panjira, mmodzi amapatukira kutchire. Ababa anali asanaonepo nkhope ya agogo pafupi. Tsiku limenelo agogo anadutsa pabwalo ponse, anthu akuona, anagwada pamaso pa ababa n'kuwagwira mwendo.

"Apongozi, mwana wanga akufa. Tchulani."

Ababa amati pamenepo mutu unaima. Anapeka dzina, anati Esinati wa pa Boma, munthu amene kulibe. Agogo anathamanga nalo, analinena kukhutu kwa amayi, analinenanso pamimba. Anadikira, koma palibe chinasintha. Anatulukanso n'kuti alipo wina. Ababa anatchula mtsikana wa ku Kasinje amene anamwalira iwo ali mnyamata, poganiza kuti wakufa sangapwetekedwe. Analowa nalonso, osathandiza. Apo aNachisale anatumiza mawu akuti mayina akutali ndi ozembera, mwana akufuna la pafupi.

Nthawi yomweyo chitseko chinatseguka, Nambewe anatuluka ndi beseni kukataya madzi. Ababa anakweza maso, ndipo mkazi woyamba kumuona anali iyeyo. Anandiuza kuti mumtima anati, ndikawapatsa dzina la pafupi andilola kumunyamula, zinazo ndidzakonza akachira. Ndiye anati, "Nambewe."

Nambewe anamva yekha, pakuti anali chapafupi. Anatula beseni pansi bwinobwino osataya madzi. Anayang'ana ababa, anayang'ana anthu onse. Agogo anamudutsa osamuyang'ana n'kulowa ndi dzinalo. Amayi aang'ono amati amayi anatsegula maso n'kufunsa ndi mawu otsika kuti Nambewe wake uti. Atawauza, anatembenuzira nkhope kukhoma.

Mwana sanatulukebe. Koma poti dzina linali litaperekedwa, amalume analola machira. Ababa ananyamula kutsogolo. Njira yake ndi yokwera, ndipo iwo amati ankayenda akulankhula, osatembenuka, akuti Naphiri, ndanama, ndimafuna andilole ndikutenge, ndanama. Amayi sanayankhe. Atafika pamwamba pa chitunda, mmodzi mwa onyamula kumbuyo anati atule kaye. Atavundukula anapeza amayi atapita. Palibe anadziwa kuti anatsirizika pati, kaya pa mtsinje, kaya atangochoka pakhomo. Ababa sanadziwe ngati amayi anamva mawu aja kapena ankalankhula ndi mtembo.

Maliro atatha, amalume anafuna kuwathamangitsa. Agogo anati akachoka ana adya chiyani, asiyeni alime. Choncho sanawasudzule, komanso sanawakhululukire. Anakhala m'mudzi wa eni, akulera ife, osakwatiranso. Anaphunzira kusinja ndi kuphika, ndipo ankandiluka tsitsi mokhotakhota mpaka anzanga kundiseka.

Amene anaona zakuda ndi Nambewe. Mwamuna wake, amenenso anali mkamwini, anapinda bulangete lake sabata yomweyo n'kubwerera kwawo, kumusiya ndi mwana kumsana. Kukwaya anzake ankasuntha akakhala pafupi, mpaka anasiya yekha. Pachitsime azimayi ankakoka ana awo aakazi apakati akamuona akubwera. Palibe mwamuna anamufunsiranso. Ababa anayesa kunena masiku omwewo kuti ananama. Amalume anawafunsa kuti ananama liti, poyamba paja kapena tsopano pamene akufuna kudzisambitsa. Anthu anati munthu sanganame mkazi wake ali pakati pa moyo ndi imfa, ndipo anasunga mawu oyamba.

Chaka chotsatira ababa anayamba kulawirira kumunda kwa Nambewe n'kumamuungira mizere, poona kuti alibe womulimira. Anthu anawaona, ndipo anati taonani, sanasiyane. Nambewe anatuma munthu kudzawauza kuti ngati ali ndi chisoni naye, phazi lawo lisapondenso m'munda mwake. Anasiya. Kuyambira pamenepo anakhala m'mudzi umodzi, mtsinje pakati, osapatsana moni mpaka onse imvi zinamera. Inenso ndinakula ndikudziwa zomwe mudzi unkadziwa. Ababa ndinkawakonda, koma nkhaniyo ndinkaikhulupirira, ndipo pakhomo pathu sitinkaitchula.

Zinasintha Tereza atatenga pakati pake poyamba. Masiku ano kuberekera kunyumba n'koletsedwa, choncho anakadikirira kuchipatala chaching'ono, ine ndili womuyang'anira. Matenda atayamba m'mawa, namwino anamupima, anamupimanso, kenaka anaimba foni kuitana ambulansi. Anatitumiza kuchipatala chachikulu pa Boma. Sindikudziwa anawauza ndani ababa. Ndinangowaona masana akulowa pageti ndi ndodo yawo, atakwera minibasi okha, munthu amene anali atasiya kale maulendo. Anakhala pabenchi panja, pambali pa mwamuna wa Tereza, mnyamata wa kabaza amene ankangopotokola chipewa m'manja.

Namwino wina wachitsikana anatuluka kudzandifotokozera. Anati mwana watsogoza nkhope. Anandionetsa ndi mutu wake womwe, anaupindira kumbuyo ngati munthu woyang'ana kudenga. Anati mwana amayenera kuweramitsa mutu kuti liwombo litsogole, koma uyu waukweza, ndipo chibwano chake chaloza kumsana kwa mayi. Akagona chotero sangadutse, ngakhale mayi akankhe motani. Anati akupita naye ku opaleshoni.

Ababa anali ataimirira, chipewa chili m'manja.

"Mwati nkhope, mayi?"

"Eya agogo, nkhope."

"Nanga mwamuna wake akaulula?"

Namwinoyo sanamve chimene ankatanthauza, anayang'ana ine. Ndinamufotokozera mwamanyazi. Sanaseke. Anati, "Agogo, mwanayo sakudziwa za kunja kuno. Wangogona moipa. Zimangochitika, palibe amene walakwa." Atatero anathamangira mkati.

Ababa anakhala pansi pang'onopang'ono. Anagwira mkono wa mwamuna wa Tereza mwamphamvu, mpaka mnyamatayo anadzidzimuka, n'kumuuza kuti wina akadzamufunsa dzina, kaya ndi ndani, kaya agwade, asadzatchule. Mnyamatayo anangoti chabwino agogo, osadziwa kuti akunena chiyani. Kenaka ababa anatembenukira kwa ine n'kuyamba kufotokoza za pakhonde paja, zonse, kuyambira pa machira. Anthu ankadutsa ndi mabeseni ndi mapoto, ogulitsa nthochi akuitanira kuseri kwa mpanda, iwo akulankhula osandiyang'ana. Aka kanali koyamba kuwamva akutchula mayina ambiri chotero. Sindinawafunse ngati akunena zoona.

Tereza anachira, mwana anatuluka wamoyo, wamwamuna. Koma nkhope yake inali yoopsa, yotupa, milomo yakuda ngati wamenyedwa, maso osatseguka, mutu uli chogadamira kumbuyo. Tereza atamuona analira. Anamwino anati zitsika pakapita masiku, ndipo zinatsikadi, lero ndi mnyamata wokongola amene akuthamangitsa nkhuku. Tonse tinasangalala, koma ababa ayi. Atawalola kumuona, anawerama pa iye nthawi yaitali, kenaka anati ndiye winayo, wa Naphiri uja, anali chonchi. M'minibasi pobwerera analankhula kamodzi kokha. Anati kunali kungong'amba basi, ndipo machira anali okonzeka kuyambira m'mawa.

Patapita sabata zingapo anandipempha ndiwaperekeze kwa Nambewe. Tinawoloka mtsinje m'mawa dzuwa litakwera. Tinamupeza pakhonde akusankha nyemba m'lichero, maso atayamba kuchita khungu. Anatizindikira ndi mawu. Sanatipatse mpando. Ababa anagwada pa dothi, mawondo akulira, n'kunena zonse, za namwino, za mwana wa Tereza, za chimene ankaganiza pamene anamutchula. Anati anamulakwira ndipo palibe chimene iye anachita. Nambewe anawasiya mpaka anamaliza, zala zake zikusankhabe nyemba.

"ANgozo, mukundiuza ine? M'mudzi monse muno amene ankadziwa kuti ndi bodza tinali awiri, inu ndi ine."

Ababa anati akudziwa, koma anafuna amve kuchokera pakamwa pawo. Nambewe anati zake zinapita kale. Mwamuna anakafera kwina, mwana wake anakula akulozedwa zala mpaka anathawira ku Lilongwe, ndipo sabwera. Anati sanawasungire mkwiyo chifukwa mkwiyo umafuna mphamvu, ndipo iye mphamvu zake zinathera kumunda. Kenaka anaika lichero pansi.

"Amene akufunika kumva ndi Naphiri. Ndinamugwira msana mpaka manja anga anachita dzanzi, koma anapita akudziwa kuti ndine mdani wake. Inu mukafika kumeneko mukamuuze."

Ababa anati akamuuza. Ndinawadzutsa, pakuti okha sakanatha, ndipo tinabwerera.

Anayesanso kamodzi pagulu. Tsiku lina pa mapemphero a mphakati, amene anachitikira pakhomo pa amayi aang'ono, anapempha kulankhula. Anthu anadabwa chifukwa sankalankhula pagulu. Anaimirira n'kunena kuti dzina limene anatchula tsiku limene mkazi wawo anamwalira linali labodza, ndipo Nambewe ndi wosalakwa. Koma agogo anali atamwalira kale, aNachisale anali atamwalira, amuna amene ananyamula nawo machira anali atatha. Ambiri amene anakhala pamphasa anali achinyamata amene nkhaniyo sankaidziwa n'komwe. Anayamba kufunsana kuti dzina lanji, Nambewe anatani. Amalume, amene tsopano samva bwino, anafunsa mokweza kuti akuti chiyani. Atawauza anati mkuluyu wakalamba, wayamba kuopa moto. Ena anaseka chamumtima. Wotsogolera anayambitsa nyimbo kuti zithe.

Pofika madzulo nkhani imene inali itayamba kuiwalika inali pa mjigo, pa chigayo, pa sitolo. Achinyamata anakafunsa azigogo awo, ndipo anamva mmene mudzi umaidziwira, osati mmene ababa ananenera. Nambewe anayambanso kulozedwa ndi ana amene dzulo lake ankangomudziwa ngati gogo wosaona bwino. Ababa atamva zimenezi anakhala masiku osatuluka m'nyumba. Sanayesenso.

Chimene chinawatsalira chinali chimodzi. Anayamba kunena kuti akadzafa adzawaike pafupi ndi amayi. Anauza ine, anauza mlongo wanga, anapita okha kwa amalume kukapempha. Ine ndinawauza kuti kwa Mulungu kulibe kutali, kulikonse angagone adzakumana nawo. Anati zimenezo amazimva kutchalitchi ndipo sakutsutsa, koma iwo ndi munthu wosaphunzira, akufuna pafupi, poti akalankhula amveke. Chaka chilichonse mwezi wa Novembala, tikapita kukalambula kumanda, iwo ankamaliza manda a amayi kenaka n'kulambulanso malo a pambali pake. Ankazula zitsa, ankatola miyala n'kuiunjika kumapeto.

Atamwalira, ine ndi mlongo wanga tinakagwada kwa amalume. Anatimvetsera mpaka kumapeto. Anati alibe nawo chifukwa alamu awo, anakhala nawo bwino, koma mafupa a mkamwini amapita kwawo, ndi mmene zakhalira kuyambira kale. Anatinso ngakhale mwambo ukanalola, iwo sangagoneke munthu ameneyo pambali pa mlongo wawo iwo ali moyo. Amayi aang'ono analankhulako, anati iwo analimo m'nyumba muja ndipo akukhulupirira kuti aNgozo ananena zoona pomaliza. Amalume anati akazi asalowerere za manda. Abale a ababa anabwera ndi galimoto kuchokera ku Kasinje, iwonso anati munthu wawo akupita naye. Ife ana tinalibe mawu mbali zonse ziwiri. Tinakwera nawo, tinatsika mapiri, tinakawaika kuchigwa pakati pa anthu amene ine sindikuwadziwa.

Sabata yathayi tinapita kukalambula kumanda monga mwa chaka chilichonse. Ndinali nditawerama pa manda a amayi pamene ndinamva ndodo ikugogoda kumbuyo kwanga. Anali Nambewe, akuchokera kumanda a abale ake. Pa maliro sanabwere. Anaima, anafufuza pansi ndi ndodo mpaka anakhudza mulu wa amayi, kenaka anasuntha ndodoyo kumbali, pamene pali pathyathyathya.

"Sanafike pano eti?"

Ndinati ayi, anapita nawo ku Kasinje. Anagwedeza mutu pang'ono. Anati ndiye basi, n'kupitiriza ulendo wake.

Nditatsala ndekha ndinaganiza zoti ndiwauze amayi ineyo. Ndinatsegula pakamwa, koma ndinaona kuti si mawu anga. Ine pakhonde paja panalibe, ndipo amayi anandisiya ndili mwana, mawu anga a lero sangawadziwe.

Malowo alipo. Ndi okwana munthu mmodzi, pakati pa manda a amayi ndi mtengo wa msuku. Dothi lake ndi lofiira, losalala, lopanda chitsa ngakhale chimodzi, ndipo miyala ili mulu kumapeto mmene anaisiyira. Amalume akuti padzagona aliyense wa m'banja amene atsogole. Chaka chino sindinadziwe ngati ndipalambule kapena ndipasiye, ndiye ndinapasiya. Mvula yagwa kale, ndipo udzu wayamba kumera kuchokera mbali ya kumsuku.